Kuyambira Ziro Mpaka Teni

Ntchito yanga ndi funso limodzi.
Ndimalifunsa Lachiwiri ndi Lachinayi
m'kachipinda kopanda zenera, kuno ku Saint Paul,
Januwale atakwirira misewu ndi chipale:
"Kuyambira ziro mpaka teni, lero kukupweteka bwanji?"

Arlen Sobczak wayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu.
Akati acheuke, amacheuka thupi lonse
ngati kabati yomwe amuna awiri akuitembenuza pakhomo.
"Seveni," akutero. Kenaka: "Ayi, lembani sikisi,
mkazi wanga amati ndimakokomeza."
Ndalemba sikisi.
Seveni uja watsala m'khosi, wavala naye jekete, watuluka.

Maenvelopu ali m'dirowa ya chipinda china,
omata, ofanana ngati mazira.
Ina imakutumiza kwa dokotala wowongola msana,
ina kwa mphunzitsi wa masewera ndi malamba ake amphira,
ina kwa onse awiri,
ina imangokupatsa kabuku kazithunzi:
kagone pakapeti kwanu, kokera bondo pachifuwa, werenga mpaka khumi.
Maere alibe mnansi.
Ine sindiloledwa kudziwa amene watola iti,
kuopa kuti cholembera changa chingakondere.

Koma khoma ndi lopyapyala.
Ndimamva tebulo likuti gu,
msana wa munthu nkuti phwa,
kenaka kuseka kwa munthu wodzidzimuka kuti sanathyoke.
Ndimayatsa fani m'nyengo yozizira
kuti ndisazindikire mawu.

Ubah Jimale amanyamula makatoni usiku wonse
kunyumba ya katundu pafupi ndi bwalo la ndege.
Amabwera asanagone, maso ali psu.
Sabata yoyamba anati naini.
Yachisanu ndi chimodzi anati faifi,
nkundifunsa ngati faifi ndi yankho labwino,
ngati kuti ndine mphunzitsi wochonga mayeso.

Mayi Pakou Thao, ogulitsa maluwa kumsika wa Loweruka,
amakana manambala.
"Dzulo ndinanyamula mdzukulu wanga
kuchokera pampando mpaka pafiriji."
Nambala, mayi.
"Amalemera mapaundi makumi awiri ndi atatu."
Fomu ilibe kabokosi ka mdzukulu.
Ndamulemba m'mphepete ndi pensulo,
ndikudziwa kuti kompyuta sidzamuwerenga.

Manambala onsewa amakwera kuofesi ya Dokotala Renner.
Kumeneko amawaphatikiza, kuwagawa,
mpaka pabadwe wodwala mmodzi wapakatikati
yemwe sanagwirepo chiwongolero, katoni kapena duwa,
wa msana wopweteka folo ndi kadontho.
Za iyeyo ndiye zidzalembedwa m'magazini a madokotala
zaka ziwiri zikubwerazi.
Sindikunyoza.
Popanda iye tikanangokhulupirira wofuula kwambiri,
wa chikwangwani chachikulu pamsewu.

Sabata ya khumi ndi ziwiri Arlen sanabwere.
Ndinaimba katatu, ndinatumiza kalata.
Pali kabokosi ka anthu otere: wasowa.
Ndinachonga.

Epulo, chipale chasanduka matope,
galimoto yanga yakana kulira,
ndakwera basi pa University Avenue.
Ndi iyeyo. Sanandizindikire, kapena ananamizira.
Pamphambano mwana wa panjinga anatulukira kumanzere,
Arlen anacheuka,
khosi lokha,
mapewa ali phee,
nkuponda buleki.

Kaya anali manja a dokotala, kaya malamba amphira,
kaya kabuku, kaya anamusinthira mpando,
kaya ululu unangotopa wokha monga umachitira nthawi zina.
Envelopu yake sindinaione.
Funso langa linafika pamilomo, ndinalimeza.

Ndinatsika pamalo panga,
laputopu ikulemera phewa limodzi,
ndikusisita pansi pa nkhongo
pomwe pakhala pakundiluma kuyambira Novembala.
Fili, mwina folo.
Palibe wandifunsa.